Fungo Losatha M'chimbudzi: Yang'anani Pansi pa Mtondo

Kwa miyezi itatu ndinkakolopa m'chimbudzi chathu m'mawa ndi madzulo, koma fungo silinkachoka. Ndinathira Jik, ndinasintha sopo, zenera linkagona lotsegula. Anyamata anga awiri ndinawakalipira kangapo poganiza kuti ndi iwo amene sakulunjika bwino pokodza. Tsiku lina mdzukulu wanga wa miyezi 10 anakwawira m'menemo, ndipo nditamunyamula ndinapeza mawondo ndi manja ake atanyowa, chonsecho ndinali nditangopukuta pansi. Ndinagwada n'kusuzumira kuseri kwa mtondo. Pamene mtondo walumikizana ndi payipi panali kamzere kakuda, ndipo munthu akagejemula, timadzi tinkatuluka pamenepo pang'onopang'ono. Madziwo sanali a m'thanki. Anali ochokera mumtondo, pa ulendo wawo wopita ku septic tank.

Chimene chimawonongeka

Mtondo wa chimbudzi sulowa mwachindunji mupayipi yotaya zonyansa. Pakati pake pamakhala kachipangizo kapulasitiki kokhala ndi mphira, kamene kamatseka mpata kuti madzi ndi mpweya zisatuluke. Payipi yake nthawi zambiri imakhala ya mamilimita 110.

Zimbudzi zambiri za kuno kwathu zimatulutsira kumbuyo, ndipo kachipangizoka amakatchula kuti pan connector. Kena kamakhala kowongoka kolowa m'khoma, kena kopindika kolowera pansi. Koma pali zimbudzi zina, makamaka zimene thanki ndi mtondo zinaumbidwa pamodzi, zomwe zimatulutsira pansi penipeni pa mtondo. Zimenezi zimakhala pa mkombero wapulasitiki wotchedwa flange, womwe amaumangirira pa simenti, ndipo pamwamba pake pamakhala mphete ya mphira kapena ya phula. Mavidiyo ambiri a pa YouTube amaonetsa mtundu umenewu chifukwa ndi wofala ku America. Choncho musanatsatire zimene mwaonera pafoni, yambani mwaona kuti chanu chikutulutsira kuti.

Pulasitiki akakalamba amauma n'kusweka, mphira nayonso imalimba n'kusiya kugwira. Koma chimene chimafulumizitsa kuwonongekaku ndi mtondo wogwedera. Munthu aliyense akakhalapo mtondo umasuntha pang'ono, ndipo kusuntha kumeneku kumang'amba pulasitikiyo. Zizindikiro zake ndi fungo longa la dzira lowola lomwe silimva sopo, chinyontho chozungulira mtondo, matailosi omatuka, ndi mphemvu kapena tintchentche ting'onoting'ono tosatha m'chipindamo.

Chifukwa chake simuyenera kudikira

Madzi otuluka pamenepa amanyamula tizilombo toyambitsa kolera, taifodi, kamwazi ndi matenda ena otsegula m'mimba. Timawaponda n'kupita nawo kukhitchini, chokolopera chimawamwaza nyumba yonse, ndipo mwana wokwawa amawatengera kukamwa ndi zala zake. Mliri wa kolera umene unayambira m'boma la Machinga mu March 2022 unapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, ndipo sunalekere kumidzi kokha. Ku Lilongwe ndi ku Blantyre unavuta kwambiri. Ambiri a ife timaganiza kuti kukhala ndi chimbudzi chogejemula ndiye kuti tatetezeka. Chimbudzi chimateteza ngati zonyansa zonse zikupita kumene ziyenera kupita. Chikamadontha, chimabwezera m'nyumba zimene chinayenera kutulutsa.

Konzekerani musanamasule chilichonse

Mufunika magolovesi olimba a mphira, sipanala, screwdriver, ndowa, nsanza zakale, nyuzipepala, sopo wamadzi, silicone, ndi munthu wina wokuthandizani kunyamula. Sungunulaninso mankhwala ophera tizilombo: kapu imodzi ya Jik wa 3.5 peresenti m'makapu 6 a madzi. Musasakanize Jik ndi mankhwala ena otsukira mtondo monga Harpic, chifukwa zimatulutsa mpweya woopsa umene umapweteka maso ndi mapapo.

Yambani ntchitoyi m'mawa, tsiku limene masitolo a hadiweya ali otsegula, popeza mwina mudzafunika kubwererako. Jambulani kachipangizo kakaleko pafoni musanapite kukagula, kapena mukakachotsa katsukeni, mukakulunge m'jumbo n'kupita nako. Mukatero simudzagula kolakwika. Mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi mtondo watsopano, choncho gulani kolimba, kamene mphira yake ndi yofewa mukaitsina. Ngati nyumbayo ndi ya lendi, auzeni kaye eni ake.

Kuchotsa mtondo

Tsekani madzi pa kampopi ka pafupi ndi thanki, kapena pa mita ngati kampopiko palibe. Gejemulani kuti thanki ikhale yopanda kanthu, kenako kapani madzi otsala mumtondo ndi kachitini n'kupukuta ndi nsanza. Masulani payipi yofewa yobweretsa madzi. Ngati thanki inamangiriridwa kukhoma, imasuleninso.

Tsopano masulani mabawuti awiri amene agwira mtondo pansi. Ngati achita dzimbiri, adonthezereni mafuta n'kudikira pang'ono, apo ayi adulidwe ndi kasowo kodulira zitsulo. Dulani silicone wakale ndi mpeni. Gwedezani mtondo pang'onopang'ono, kenako awirinu muukokere kutsogolo ngati umatulutsira kumbuyo, kapena muukwezere m'mwamba ngati uli pa flange. Ugonekeni pa katoni. Nthawi yomweyo tsekani kukamwa kwa payipi ndi nsanza yaikulu kuti mpweya woipa usadzaze m'nyumba ndiponso kuti bawuti isagweremo.

Apa pali chenjezo. M'nyumba zambiri zakale mtondo anauika m'matope a simenti, osati pa mabawuti. Wotere musaumenye ndi hamala. Umasweka mosavuta, ndipo zidutswa zake zimacheka ngati lumo. Itanani pulambala. Chitaninso chimodzimodzi mukapeza kuti payipi yeniyeniyo ndi imene yang'aluka m'kati mwa khoma kapena pansi pa simenti.

Kuika chatsopano

Ngati chanu ndi pan connector, kokani yakaleyo moipotokola, palani zonse zomatirira m'kamwa mwa payipi, ndi kutsukamo ndi Jik wosungunula uja. Pakani sopo wamadzi pa mphira ya yatsopanoyo n'kuikankhira mupayipi mpaka italowa bwino. Musapake girisi kapena oyilo wa galimoto, chifukwa zimenezi zimawononga mphira. Pakaninso sopo potulukira pa mtondo, chotsani nsanza ija, ndipo kankhirani mtondo molunjika mpaka mabowo a mabawuti atayang'anizana ndi a pansi.

Ngati chanu ndi flange, masulani zomangira zimene zaigwira pa simenti. Ina imazuka mukangoikoka. Imene anaimata ndi guluu wa mapayipi imafuna kuleza mtima: ichekeni m'kati malo awiri kapena atatu ndi mpeni wa kasowo, mosamala kuti musafike pa payipi, kenako ganulani zidutswazo chimodzichimodzi. Yatsopano ikhale pamwamba pa matailosi, yogona bwino, yomangidwa zolimba pansi, ndipo mipata ya mabawuti ikhale kumanzere ndi kumanja, kutalika kofanana kuchokera kukhoma. Ikani mphete yatsopano. Yakale musaibwezerepo ngakhale ikuoneka yabwino. Chotsani nsanza, tsitsani mtondo molunjika kamodzi kokha, n'kuukanikiza ndi thupi lanu. Mphete ya phula ikaphwanyika sibwerera, ndiye mukadzutsanso mtondo mufunika ina.

Mangani mabawuti mosinthanasintha, pang'ono kumanzere, pang'ono kumanja. Lekani mtondo ukangosiya kugwedera, chifukwa mukapitiriza umang'aluka. Ngati pansi mposalingana, lowetsani tizidutswa ta pulasitiki wolimba pamene pali mpata. Katoni ndi thabwa zimawola.

Yesani musanamate

Bwezerani payipi ya madzi, tsegulani kampopi, ndipo yalani nyuzipepala youma kuzungulira mtondo ndi pansi pa cholumikiziracho. Gejemulani kasanu. Pepala likakhala louma, mwakhoza. Kenako matani silicone kutsogolo ndi m'mbali mwa mtondo, koma kumbuyo siyani kampata. Tsiku lina pakadzadonthanso, madzi adzaonekera pamenepo m'malo mobisala pansi. Mupatseni silicone tsiku lathunthu kuti aume musanakolope ndi madzi ambiri.

Pomaliza thirani Jik wosungunula pansi ponse ndi pa zida zonse, dikirani mphindi 10, kenako tsukani ndi madzi. Zakalezo ndi nsanza zimangidwe m'jumbo n'kutayidwa kumene ana sangazitole. Zovala zimene munavala zichapidwe pazokha, ndipo sambani m'manja ndi sopo mpaka m'zigongono musanagwire chakudya kapena mwana.

Kwathu ntchitoyi inatitengera m'mawa umodzi, ine ndi mnyamata wanga wamkulu. Yakaleyo titaitulutsa, tinapeza kuti inang'aluka chapansi, mng'alu wautali ngati chala. Mnyamatayo anaikweza m'mwamba n'kundiyang'ana osanena kanthu, ndipo ndinapepesa kwa iye ndi mng'ono wake. Kuyambira pamenepo, kamodzi pa mwezi ndimagwira mtondo ndi manja awiri n'kuugwedeza, kenako ndimayala pepala kuseri kwake. Inunso teroni lero. Mtondo ukasuntha kapena pepala likanyowa, musagulenso botolo lina la mankhwala onunkhiritsa. Pitani kuhadiweya.