Dzina Limodzi, Malembedwe Ambiri

Abale ndi alongo a ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka, kodi mukudziwa kuti Asani ndi Hassan ndi dzina limodzi? Maina achiarabu otere anafika kunyanja kuno ndi amalonda achiswahili m'zaka za m'ma 1800, ndipo lilime la makolo athu linawasula mwatsopano. Husain anasanduka Useni, Jaafar anasanduka Jafali, Bwana Ali anakhala Bwanali. Ngakhale ku Ulaya zimachitika: mlakatuli amene ku Poland amati Mickiewicz, ku Lithuania amati Mickevičius.

Vuto limadza pa zikalata. Dzina la pa chiphaso cha unzika likasiyana ndi la pa satifiketi ya sukulu, mwana amavutika pofuna ntchito kapena pasipoti. Makolo, gwirizanani kalembedwe kamodzi mwana asanayambe Sitandade 1.