Makina Onolera Akale Asafe Cifukwa ca Dontho la Oilo

Mzinda wa Kafue, umene uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kum'mwera kwa Lusaka, unakula cifukwa ca makina. Mu 1970 fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia inayamba nchito, ndipo m'zaka zomwezo fakitale ya nsalu ya Kafue Textiles inali kulemba anthu ambiri. Fakitale ya nsalu ija inadzatsekedwa, nchito zolembedwa zinacepa, ndipo mabanja ambiri a m'makomboni monga Nangongwe anayamba kudalira luso la manja ao. Kwa mmisiri wowocherera mageti, kapena wonola makasu ndi nkhwangwa za alimi, makina onolera omangidwa pa tebulo, ochedwa grinder, ndiwo munda wake. Akaima, nsima kunyumba imavuta.

Makina amenewa amakhalitsa, pakuti m'kati mwake muli zinthu zocepa: mota, shafiti, mabeyaring'i awiri ndi miyala iwiri. Cimene cimawapha kawirikawiri ndi fumbi la mwala ndi la citsulo likalowa m'mabeyaring'i ouma. Ena amapaka utoto kunja naiwala zam'kati, koma cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere.

Musanagwire ciliconse, zulani nthambo ya magetsi. Pukutani fumbi ndi burashi, zunguzani mwala ndi dzanja, ndipo gwedezani shafiti. Mukamva kukhulukuta ngati muli mcenga, kapena shafiti ikamagwedera, mabeyaring'i adwala.

Mabeyaring'i sali a mtundu umodzi. Makina ena akale kwambiri ali ndi mabushi ndi kabowo kothirira oilo pamwamba pake. Amenewa afuna madontho ocepa a oilo yopepuka ya makina, monga SAE 20. Ena ali ndi mabeyaring'i a timipira otseguka, amene atsukidwe ndi parafini, aumitsidwe, ndi kupakidwa girizi kufikira gawo limodzi mwa magawo atatu a malo ake. Girizi woculuka amatenthetsa beyaring'i m'malo moiteteza. Mtundu wacitatu ndi wa mabeyaring'i omatidwa ku fakitale. Amenewa sathiridwa kanthu. Akatha asinthidwe onse awiri pamodzi, ndipo nambala yolembedwa pambali pake, monga 6202 kapena 6203, ndiyo muyenera kuchula kwa wogulitsa. Oilo yakuda yokhutulidwa mu injini ya galimoto isafike pa makina anu, cifukwa ili ndi zinyenyeswa za citsulo zimene zimapala shafiti. Pocotsa miyala, kumbukirani kuti nati ya kumanzere imamasuka mosiyana ndi nati wamba. Ambiri athyola shafiti poikakamiza.

Mwala nawo ufuna ulemu. Mwala wa mamilimita 200 umene uzungulira maulendo pafupifupi 2,850 pa miniti imodzi, m'mphepete mwake mumathamanga kuposa makilomita 100 pa ola. Ukasweka, zidutswa zake zikhoza kucotsa diso ngakhale moyo. Conco oilo ndi girizi zisadonthere pa mwala. Musanaumange, upacikeni pa cala ndi kuugogoda pang'ono ndi cigwiriro ca mtengo. Wabwino umalira ngati belu, koma wong'aluka umagonthera, ndipo woterowo autaye. Timapepala tolimba tokhala mbali zonse ziwiri za mwala tisacotsedwe, ndipo nati isamangidwe mopyola muyeso. Mukamanga mwala watsopano, imani pambali, makina azungulire okha kwa miniti yathunthu.

Mpata wa pakati pa mwala ndi potsamira citsulo usapitirire mamilimita 3, kuti citsulo cisakodwe ndi kukoka zala. Aluminiyamu ndi mtengo zimatseka maso a mwala, motero zisanoledwe pamenepo. Musanolere pa nthiti ya mwala, ndipo magalasi oteteza maso avalidwe ngakhale nchito ili yaing'ono.

Magetsi nawo ali ndi phunziro lake. Mu 2024 cilala cinacepetsa madzi ku Kariba, ndipo ZESCO inayamba kugawa magetsi mosinthana kwa maola ambiri. Magetsi akapita, zimitsani swichi nthawi yomweyo, kuti makina asadzuke okha pamene mwana ali pafupi. Mota ikamang'ung'uza osazungulira, izimitseni msanga ndi kuitana wodziwa za magetsi, pakuti mwina kapasita kapena swichi yam'kati yafa, ndipo kucedwa kumapsereza nthambo zonse.

Mtengo wa mabeyaring'i awiri ndi kabotolo ka oilo ndi wocepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa makina atsopano ocokera kunja. Amisiri a ku Nangongwe, patulani nthawi yocepa Loweruka lililonse yopukuta, kumvetsera ndi kuthira oilo pamene pafunika, ndipo phunzitsani anyamata ndi atsikana amene akuphunzira nchito m'manja mwanu kucita cimodzimodzi.