Kawaya Kamene Kali M'kati mwa Sikelo

Anzanga, kodi munaonapo munthu akukunga nsambo za bangwe kapena za gitala? Amakoka pang'ono, n'kuliza, n'kumvetsera. Khutu ndilo limamuuza kuti nsambo yakungika bwino. Akapyola muyeso, nsamboyo imaduka.

Koma kuli waya wina woonda kuposa tsitsi la m'mutu mwanu. Kukungika kwa waya wotere sikumveka ndi khutu kapena ndi chala. Anthu amakuyeza ndi magetsi. Musaganize kuti nkhaniyi ndi ya anthu a m'mafakitale okha ayi. Nzeru yomweyi ndiyo ili m'sikelo ya manambala imene amayezera chimanga, soya ndi mtedza wanu pa msika.

Amayezeranji waya?

M'kati mwa sipika ya wailesi muli waya wamkuwa woonda kwambiri, wokulungidwa mozungulira kambirimbiri. Amamukulunga ndi makina othamanga. Makinawo akakoka kwambiri, waya amaonda kapena kuduka. Akakoka mochepa, waya amakhwefuka ndipo sakulungika bwino. Nthawi zina kukoka koyenera kumalingana ndi kulemera kwa magalamu ochepa chabe. Nanga mphamvu yochepa chonchi munthu angaiyeze bwanji?

Waya akakokedwa amasintha

Tengani mphira ya legeni muikoke. Mukuona chiyani? Ikutalika, komanso ikuonda. Waya nayenso amatero, kungoti maso athu saona.

Tsono magetsi amayenda mu waya monga madzi amayendera m'paipi. Paipi ikakhala yaitali ndi yopapatiza, madzi amavutika kudutsa. Chimodzimodzinso waya: akatalika ndi kuonda, amakaniza magetsi kuposa kale. Kukanizaku kuli ndi muyeso wake, dzina lake ohm.

Munthu amene anaonetsa zimenezi ndi William Thomson, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Glasgow ku Scotland, amene pambuyo pake anatchedwa Lord Kelvin. M'chaka cha 1856 iye analemba kuti waya wamkuwa ndi wachitsulo akakokedwa, kukaniza kwake magetsi kumakula.

Kawaya pa pepala la ndudu

Panapita zaka zoposa 80 nzeruyi isanagwire ntchito kwenikweni. Mu 1938, Arthur Ruge wa ku sukulu ya ukachenjede ya MIT ku America ankafufuza mmene matanki a madzi a pamwamba amagwedezekera ndi chivomezi. Anali ndi katanki kakang'ono koyesererapo, ndipo ankafuna kudziwa mmene chitsulo chake chikutanukira. Anatenga waya woonda, namumata pa pepala lopichirira ndudu, namata pepalalo pa katankiko. Chitsulo chikatanuka, waya nayenso ankatanuka, ndipo magetsi ankaonetsa. Pa nthawi yomweyo Edward Simmons wa ku California anapeza njira yomweyi payekha.

Kachipangizoka amakatcha strain gauge. Waya wake woyamba anali woonda zedi: mutandandalika mawaya 40 motsatana, m'lifupi mwake mukanangokwana milimita imodzi. Amamupinda mopita ndi kubwera kuti waya wamtali akwane pa malo ochepa ngati chikhadabo. Masiku ano m'malo mwa waya amaikamo kachitsulo kopyapyala kodulidwa mizeremizere, koma kagwiridwe ka ntchito n'komweko.

Timawilo titatu

Tibwerere ku fakitale kuja. Chida choyezera kukungika kwa waya chili ndi timawilo titatu. Waya amadutsa pansi pa koyamba, pamwamba pa kapakati, pansi pa kachitatu. Waya wokungika amafuna kuwongoka, choncho amakankha kawilo kapakati. Kawiloka kali pa kachitsulo kamene kamapindika pang'onong'ono, ndipo pa kachitsuloko ndi pamene anamatapo strain gauge. Kukoka kukakula, kachitsulo kamapindika kwambiri, magetsi amasintha, nambala n'kukwera. Basi, wogwira ntchito wadziwa osadula waya.

Kusintha kwake n'kochepa

Tiyeni tiwerengere limodzi. Chitsulo cha mita imodzi chikatanuka ndi milimita imodzi, ndiye kuti chatalika ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000. Pamenepo kukaniza kwa kawaya kamakula ndi magawo awiri okha mwa 1,000. Kawaya ka ma ohm 120 kamangofika pa 120.24. Mwaona kuchepa kwake?

Kuti kusintha kotere kuoneke, amalumikiza tinjira tinayi ta magetsi, tiwiri mbali ino, tiwiri mbali inayo. Kumbukirani sikelo yakale ya mbale ziwiri. Mbale zikalingana, muvi umakhala pakati. Mukaika kanthu kochepa mbali imodzi, umapendekeka. Tinjira tinayiti timachitanso motero ndi magetsi. Kalumikizidweka anakayamba ndi Samuel Christie mu 1833, ndipo Charles Wheatstone anakatchukitsa mu 1843.

Kalumikizidweka kamathandizanso pa vuto la kutentha. Dzuwa likatentha, zitsulo zimatanuka ndipo kawaya kamasintha ngakhale palibe chokoka. Koma timawaya ta mbali zonse ziwiri tikatenthedwa mofanana, sikelo ya magetsi ija sipendekeka.

Sikelo ya pa msika

M'kati mwa masikelo ambiri a manambala mulibe sipuling'i yaikulu ngati m'sikelo yopachika ija. Muli kachitsulo kolimba komatidwa timawaya tomweti. Mukaika thumba, kachitsulo kamapindika mosaoneka, ndipo kakompyuta kakang'ono kamasandutsa kusintha kwa magetsi kukhala makilogalamu.

Ndiyetu sikelo si yamatsenga. Ikhoza kulakwa, ndipo munthu wosakhulupirika akhoza kuisokoneza. Tiyerekeze kuti sikelo ikudya kilogalamu imodzi pa thumba lililonse la makilogalamu 50. Mukagulitsa matumba 10, mwataya makilogalamu 10. Limenelo ndi thukuta lanu la m'munda. Choncho kumbukirani izi:

1. Sikelo ikhale pa malo osalala ndi olimba. Ikapendekeka, kachitsulo sikapindika moyenera.

2. Musanaike katundu, werengani nambala. Ikhale 0.

3. Thumba likhale pakati pa sikelo, lisatsamire khoma kapena kukhudza pansi. Phazi kapena dzanja la munthu lisakhudze sikelo.

4. Osaponya thumba pa sikelo, osaikanso katundu wopyola malire ake. Kachitsulo kakapindika mopyola muyeso sikabwereranso, ndipo sikeloyo imayamba kunama.

5. Yesani sikelo ndi chinthu chimene mukudziwa kulemera kwake, monga paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi. Lita imodzi ya madzi imalemeranso kilogalamu imodzi, kupatula botolo.

6. Funsani ngati sikeloyo inayezedwa ndi bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene lili ndi udindo woona masikelo a malonda m'dziko muno. Kufunsa si mwano ayi.

Tsopano popeza mukudziwa kuwerenga manambala, musadikire kuti wogula akuuzeni. Imani pafupi, werengani nokha, lembani m'kope mwanu kulemera kwa thumba lililonse, ndipo wonkhetsani musanalandire ndalama.

Mafunso okambirana m'kalasi

1. Chimachitika n'chiyani kwa waya akakokedwa?

2. N'chifukwa chiyani si bwino kuponya thumba pa sikelo?

3. Ngati sikelo ikudya makilogalamu 2 pa thumba lililonse, mutaya makilogalamu angati pa matumba 15?

4. Kodi kwanuko alimi amachita chiyani akakayikira sikelo ya wogula?