MTHUTHUTHU WA PANSI PA MADZI: WOCHIPA ALI NDI MALIRE ACE

Wolemba Mtolankhani Wathu

ANTHU a ku Mpulungu, m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika, anazolowera kuona anyamata atabereka mabotolo a mpweya kumsana, akubira m'madzi kukagwira tinsomba tamawanga timene timagulitsidwa ku maiko akunja kuti tikawetedwe m'nyumba. Nchito imeneyi njotopetsa, pakuti munthu amapalasa madzi ndi miyendo yace yokha, ndipo akayamba kupuma wefuwefu mpweya wa m'botolo umatha msanga. Pofuna kupepuza nchito yotere, akatswiri anapanga kamakina kokoka munthu pansi pa madzi, kamene m'masitolo amakacha scooter. Ife tikache mthuthuthu wa m'madzi.

Maonekedwe ace ngonga mtondo waung'ono wogoneka. Mkati muli batire ndi injini yamagetsi, kumbuyo kuli pulopela, ndipo m'mbali muli zogwirira ziwiri. Nzeruyi njakale ndithu: mu December 1941 asilikali a ku Italy anakwera makina otere, koma akuluakulu, nalowa mobisa pa doko la Alexandria ku Egypt, kumene anaononga zombo za nkhondo za Angerezi. Lero yaing'ono imagulitsidwa pa intaneti, ina pa mtengo wochipa wokopa mtima. Apa mpofunika kuleza mtima ndalama isanaturuke m'thumba.

Coyamba kuwerenga pa bokosi si mtengo ai, koma kuya kumene makinawo analoledwa kufika. Madzi amapsinja. Pa mamita 10 kupsinjako kumaposa kwa pamtunda kawiri, ndipo pa mamita 30 kumafika kanai. Cimene cimaletsa madzi kulowa ku batire ndi kamphira kozungulira ka pa citsekero basi. Mithuthuthu yochipitsitsa inapangidwira ana osewera m'madamu osambiramo a pa mahotela, ndipo malire ace ndi mamita 5 kapena 10. Ukapita nayo kupyola apo, madzi amalowa, injini nkufa, ndalama nkupita. Wofuna kugwira nayo nchito afune wolembedwa mamita 30 kapena 40.

Ciripo cinanso cimene ogulitsa a kunja saganizira, popeza iwo amayesera katundu wao m'nyanja zamcere. Lita imodzi ya madzi amcere imalemera magalamu pafupifupi 1,025, pamene ya madzi athu imalemera 1,000. Kusiyanako kukuoneka kocepa, komabe nkokwanira kuti makina amene amayandama ku Durban amire pang'onopang'ono ku Mpulungu. Tsono Tanganyika si dziwe la pa dambo: pakuya pace penipeni ndi mamita 1,470, ndipo pa dziko lonse imaposedwa ndi nyanja ya Baikal yokha ya ku Russia. Cakupulumuka m'manja pa malo otsetsereka usaciyembekezenso. Motero mthuthuthu watsopano uyambe wayesedwa pa madzi ofika m'ciuno, ucotsedwe tizitsulo tolemeretsa ngati tirimo, ndipo umangiriridwe cingwe kwa mwini wace.

Ku Kariba bvuto ndi lina. Mitengo imene inamizidwa pomanga damu, lomwe linatha mu 1959, ikali ciimire pansi pa madzi, ndipo pa nthambi zace pamakodwa maukonde akale. Kacingwe kamodzi kakakulungika pa pulopela, ulendo wathera pomwepo. Za ng'ona ndi mvuu awerengi athu a ku Siavonga safuna kuuzidwa ndi ife.

Za batire nazo zisakhulupiriridwe monga zalembedwera. Nthawi ya pa bokosi, kaya ndi ola limodzi kaya awiri, kawirikawiri amaiwerengera pa liwiro locepa, ndipo munthu wolemedwa ndi botolo ndi ukonde saifikitsa. Mabatire a mtovu ngochipa koma olemera, ndipo amaonongeka akasiyidwa opanda moto. A lithium ngopepuka, koma aakulu opyola pa 160 Wh saloledwa m'katundu wa munthu wokwera ndege. Wogula afunse ngati batire ndi kamphira kaja zimagulitsidwa pazokha, cifukwa kuitanitsa kanthu kamodzi kucokera kunja kumadya masabata, ndi msonkho pamwamba.

Komatu coopsa koposa si kutaya ndalama. Mthuthuthu wothamanga makilomita 4 pa ola umayenda mamita oposa 60 pa mphindi imodzi, pamene aphunzitsi a kubira amalangiza kuti pokwera kumka pamwamba munthu asapyole mamita 9 kapena 10 pa mphindi. Akalozetsa makinawo kumwamba nathamanga nao, mpweya wa nitrogen umene unalowa m'thupi umacita thobvu m'magazi monga botolo la cakumwa lotsekulidwa mwadzidzidzi. Zotsatira zace ndi kuphwanya kwa m'mfundo, kufa ziwalo, ngakhale imfa imene. Potsika ndi pokwera makina azimitsidwe.

Ndiponso makinawa amanyenga munthu kupita kutali. Batire ikathera kumeneko, kubwerera nkwa miyendo, uku akukoka cinthu cakufa. Odziwa amagawa mpweya ndi moto wa batire patatu: gawo limodzi lopitira, lina lobwerera, lacitatu losungira tsoka. Amapitanso awiriawiri nthawi zonse.

Maphunziro oyamba a kubira amalola munthu kufika mamita 18 okha, ndipo kugula makina sikuonjezerapo mita ngakhale imodzi pa malire amenewo. Amene ali nao kale mthuthuthu aziyang'ana kamphira kaja asanalowe m'madzi, acotsepo mcenga ndi tsitsi, napakepo mafuta ace a silicone, pakuti girizi wa galimoto amadya mphira.