Filimu ya ku France yandiphunzitsa kuyang'ana manja

Foni yanga inapita m'minibasi Lachisanu, nditangofika m'tauni kuchokera kwathu ku Vubwi. Sindinamve kalikonse. Mnzanga atamva, m'malo mondipepesa anandionetsa Pickpocket, filimu ya mu 1959 ya Robert Bresson wa ku France.

Mulibe nkhonya ngati mafilimu a karate omwe tinkaonera pa vidiyo kumudzi. Kamera imangotsata manja: zala zalowa m'jekete, chikwama chadutsa kwa mnzake, basi.

Bresson anabadwa mu 1901 n'kumwalira mu 1999. Anayamba ngati wojambula zithunzi, ndipo pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse anakhalapo mkaidi wa Ajeremani. Mafilimu ake aatali ndi 13 chabe. Atasiya akatswiri a zisudzo, ankatenga anthu wamba n'kumawabwerezetsa mawu mpaka kudzionetsera kuwathere.

Kuno kwathu, Rungano Nyoni nayenso anatenga Maggie Mulubwa, mtsikana yemwe anali asanachitepo sewero, mu I Am Not a Witch ya mu 2017, ndipo filimuyo inapata mphoto ya BAFTA.

Manje ba kondakita akati "fendelani kumbuyo", ine maso ali pa manja a anthu. Inunso aneba, chikwama patsogolo.