Ululu wa wodwala suoneka ndi maso

Nditayamba kuphunzira udokotala m'mawodi, ndinkaganiza kuti ntchito yathu ndi kupeza matenda n'kuwachiza basi. Amene ananditsegula maso ndi mayi wina wodwala khansa ya khomo la chiberekero.

M'mawa uliwonse ndikawafunsa, ankangoti, "Ndadzukako, adokotala." Ine n'kulemba panado, n'kupitirira. Tsiku lina namwino wausiku anandikokera pambali. "Mayi aja amaluma chitenje usiku wonse kuti asadzutse anzawo," iye anatero. Manyazi anandigwira.

Tsiku limenelo ndinaphunzira kuti ululu umafunsidwa. Ambiri tinakula tikuuzidwa kuti kupirira ndiye ulemu, choncho wodwala sadandaula msanga. Timamupempha aonetse ndi zala: chibakera ndiye kuti palibe ululu, zala zisanu ndiye ululu wosapiririka. Mayi aja anatambasula zonse zisanu.

Chachiwiri ndi makwerero atatu omwe bungwe la WHO linakhazikitsa mu 1986. Ululu wochepa timayamba ndi paracetamol kapena ibuprofen. Ukakula timakwera pa codeine kapena tramadol, ndipo ukafika povuta timapereka morphine. Mankhwalawa amamwedwa pa nthawi yake, osadikira kuti ululu ubwerere. Morphine wamadzi amamwedwa maola 4 alionse, pamodzi ndi mankhwala ofewetsa m'mimba chifukwa amadzimbitsa.

Achibale a mayi aja atamva za morphine anakana, ati ndi mankhwala a munthu amene watsala pang'ono kutisiya. Nanenso dzanja linkanjenjemera polemba. Dokotala wamkulu anatikhazika pansi tonse n'kufotokoza kuti mlingo woyenera, woyambira pang'ono, sufupikitsa moyo. Usiku umenewo mayi aja anagona tulo, ndipo kutacha anapempha phala.

Koma botolo silithetsa zonse. Cicely Saunders, yemwe anatsegula St Christopher's Hospice ku London mu 1967, ankaphunzitsa kuti ululu umakhudza thupi, maganizo, banja ndi mzimu. Mayi aja chinkawasowetsanso mtendere ndi fizi ya mwana wawo wa Fomu 3. Kukhala nawo pansi n'kumvetsera kunalinso mankhwala.

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Inu odwala ndi odwazika, nenani pamene pakupweteka, mmene pakupwetekera, ndiponso ngati mankhwala sakugwira. Musawonjezere nokha mlingo, pakuti panado wochuluka amawononga chiwindi, ndipo ibuprofen amatha kuyambitsa zilonda za m'mimba. Kwa ophunzira anzanga, wodwala akati "ndadzukako", kokani mpando mufunsenso.