Mafunso a pa Pepala mu Uphungu wa Mpingo: Athandiza Ciani?

Abusa, alaliki ndi amai a cigwirizano amene acitako maphunziro a uphungu amabwerako ndi mapepala a mafunso oyezera maganizo a munthu. Akulu a mpingo ena sakondwa nawo. Amati munthu wabwera ndi mtima wolemera, nanga tim'patse mayeso ngati mwana wa sukulu? Nkhawa yawo ndi yomveka, conco tifotokozeko nchito ya mapepalawa.

Anthu athu kawirikawiri sanena kuti akuvutika maganizo. Amati mutu ukuwawa, mtima ukuthamanga, tulo sitibwera, kapena "ndiganiza kwambiri". Mau amodzimodziwo angacokere kwa mai amene ali ndi nkhongole ya feteleza, kwa wamasiye amene waika mwamuna mwezi watha, komanso kwa mnyamata amene wagula kale mankhwala a makoswe. Onse atatu tiyenera kupemphera nawo, koma wacitatuyo sitingamuuze kuti abwerenso pa Sondo. Kupima maganizo kumathandiza mphungu kusiyanitsa anthu amenewa.

Pepala lodziwika kwambiri ndi PHQ-9. Lili ndi mafunso 9 okhudza masabata awiri apitawo: kusasangalala ndi zinthu, cisoni, tulo, kutopa, kadyedwe, kudziona wacabecabe, kulephera kuika maganizo pa cinthu cimodzi, kufooka kapena kusakhazikika, ndi maganizo ofuna kufa. Yankho lililonse limalandira nambala kuyambira 0 mpaka 3, malinga ndi kuculuka kwa masiku amene vutolo laoneka, ndipo zonse pamodzi sizipitirira 27. Zikafika pa 10 kapena kuposapo, munthuyo ayenera kuonedwa ndi a zaumoyo. Bungwe la WHO linapanganso SRQ-20, la mafunso 20 oyankha inde kapena iyai, ndi AUDIT, la mafunso 10 okhudza mowa.

Funso la nambala 9 ndilo limatiopsa ife a mpingo. Timaopa kuti tikafunsa za kudzipha ndiye kuti tam'patsa munthu nzeru yoipa. Akatswiri a zamaganizo apeza kuti kufunsa sikubzala ganizolo, ndipo ambiri amapepukidwa mtima wina akalimba mtima kuwafunsa. Munthu akavomera funsoli, ngakhale nambala zina zikhale zocepa, tisam'siye yekha. Tim'funse ngati waganiza kale za njira yake, tigwirizane naye za wacibale amene tingamuuze, ndipo tim'perekeze ku kiliniki tsiku lomwelo. Cipatala ca Chainama ku Lusaka ndico cacikulu pa matendawa, koma poyambira ndi kiliniki yapafupi.

Komabe nambala si matenda. Amene ali pa kusala kudya adzayankha kuti sakudya, ndipo mlimi wa m'nyengo yopalira adzati ndi wotopa tsiku lililonse. Wofedwa angapeze nambala yaikulu pomwe akungolira maliro monga munthu aliyense. Mapepalawa anayamba kulembedwa m'Cingerezi, ndipo mphungu akamamasulira yekha pamene akufunsa, funso limasintha tanthauzo. Palinso matenda a m'thupi monga khunyu, malungo a mu ubongo ndi vuto la cithokomiro, amene amasokoneza khalidwe la munthu, ndipo pepala silingawaone. Kuchula dzina la matenda ndi nchito ya dokotala. Ifeyo timapima kuti tidziwe ngati katunduyo tingamusenze tokha, ndiponso kuti pakapita masabata angapo tifunsenso ndi kuona ngati munthuyo akupezako bwino.

Cotsala ndi cinsinsi. Pepala loyankhidwa lisagone pa tebulo la mu vesitili pamene asungicuma amawerengera zopereka, ndipo lisafike pa bwalo la akulu ngati umboni woimitsira munthu pa Mgonero. Bambo amene waulula pa AUDIT kuculuka kwa mowa umene amamwa wacita zimenezo pofuna thandizo. Tisanafunse funso loyamba, timuuze amene adzaona mayankho ake, kuti ali ndi ufulu wokana kuyankha, ndiponso kuti tidzauza wina pokhapo ngati moyo wake kapena wa munthu wina uli pangozi.